Chipilala Chofunda pa Masitepe a Kuseri

Okondedwa achemwali,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, inu ndi alamu anga pamodzi ndi ana onse pakhomopo. Msana uja unakusiyani kodi, kapena mukungoulimbira mtima monga mwa khalidwe lanu? Nanga amayi, miyendo ikuwalola kuyendayenda? Ine kuno m'thupi ndili bwino. Za mumtima ndi zimene ndakhalira pansi kuti ndikulembereni.

Mudabwa kulandira kalata kuchokera kwa munthu amene ali ndi foni m'thumba. Pafoni lilime limandilemera. Mukangofunsa kuti ubwera liti, ine ndimayamba kudandaula za netiweki, chonsecho ndikukumvani bwinobwino mpaka nkhuku zanu zomwe. Pepala silidulidwa pakati, ndiye ndati ndiyese pamenepa.

Ulendo watha uja munandiimbira, ndinamva zonse. Munaitana Kamphepo kuti adzalankhule ndi mayi ake, iye n'kuyankha ali patali kuti amayi ake ndinu, awo ndi anti a pafoni. Munatseka foni ndi dzanja pomukalipira, koma dzanja lanu ndi laling'ono, mawu anadutsa. Zoti amakutchulani amayi sizinandipweteke, ndinu mayi ake ndithu. Koma ine amene ndinamubereka kumsana mpaka nsalu kutha, ndasanduka anti. Sindikuimba mlandu mwanayo. Ndinamusiya akungoyamba kulumikiza mawu, ndinati ndikungokatenga katundu, ndipo mvula yagwa n'kugwanso ndisanabwere. Muyenera kudziwa chimene chinandigwira mwendo kuno.

Za kuno n'zomwe zija. Ndikadali m'chipinda chakale. Eni nyumba anamata denga pamene pankadontha pamwamba pa bedi, ndiye madzi anangosamukira pakhomo, kuti azilandira alendo. Mayi wosoka wa khomo loyandikana nane anagula makina atsopano, phokoso lake ngati chigayo, koma ndi munthu wabwino, amandianulira zovala mvula ikandipeza kuntchito. Jombo za malemu alamu anu zikadali kuseri kwa chitseko, simenti yake ili pomwepo. Ndimasesa mozizungulira.

Nyumba ija ankamanga nawo inatha. Inu simunaione, ndiye ndikufotokozereni pang'ono. Ndi yaitali moti ukaiyang'ana pamwamba mpango umagwa. Magalasi ake amadera okha dzuwa likaswa mtengo. Nyali zimayaka ukangolowa m'chipinda, ukatuluka n'kuzima, popanda woikhudza. Koma chachikulu chili m'kati mwa makoma, m'mene maso safika.

Musanathire konkire mumayamba mwaluka zitsulo, ndipo imeneyo ndiyo inali ntchito ya alamu anu. M'nyumba iyi, pa zitsulozo ankamangirirapo tizipangizo ting'onoting'ono ngati kabokosi ka machesi. Dzina lake lenileni ndi la m'mabuku, koma anthu a pantchito ankangoti nkhupakupa, chifukwa zimakakamira pachitsulo ngati nkhupakupa pa ng'ombe. Konkire ikathiridwa zimakwiririka momwemo mpaka kalekale. Zimamva kutentha, chinyontho, kulemera ndi kugwedezeka kwa khoma, n'kumatumiza zonsezo popanda waya ku makompyuta amene ali m'chipinda cha pansi. Alamu anu ankazinyadira kwambiri. Ankati nyumba iyi ikadzayamba kudwala idzanena yokha mng'alu usanaoneke. Asanamangirire iliyonse ankaiuzira mpweya n'kuiuza kuti izikanena zoona zokhazokha, anzawo n'kumaseka.

Nditabwerako ku maliro ndinayambadi kumanga katundu. Ndili m'kati motero anafika a Chisoti. Muwakumbukira, bambo wa imvi uja anaperekeza thupi, amene sanavule chipewa cholimba cha kuntchito mpaka abusa atawayang'anitsitsa. Anali mnzawo wa ponda apa nane ndipondepo wa alamu anu. Anandiuza kuti kunyumba ija akulemba anthu okolopa, ndipo iwo awapatsa ntchito ya pageti la magalimoto kunsi kwake. Ndinati ndigwireko pang'ono mtima ukhale pansi. Pogwira ntchito sitinkaonana kwenikweni, chifukwa ife timalowera khomo lina.

Kukolopa m'nyumba imeneyi si masewera. Pansi pake pamadziwa pamene panyowa ndi pamene sipananyowe. Ukadumpha kangodya kamodzi, kapitawo amadziwa asanadzuke pampando. Mnzanga amene timanyamulira limodzi zidebe amati anathawa apongozi amiseche kwawo n'kudzapeza apongozi a simenti kuno.

M'mawa uliwonse ndimakolopa chipinda cha makompyuta chija. Woyang'anira m'menemo ndi mtsikana injiniya, wochepa thupi, wa magalasi okhuthala, ndiye tonse timangoti Mayi Magalasi. Alibe matama. Amakweza miyendo okha chokolopera chikamadutsa. Tsiku lina ndinawapeza akutsonya, maso ali pa kompyuta. Ndinafunsa chimene chawalakwira. Anandionetsa mizere yambirimbiri, yonse yogona chogona, koma umodzi wokha unali ndi linunda.

Anandifotokozera kuti konkire ikangothiridwa imatentha yokha pamene ikuuma, ndipo nkhupakupa zimayeza kutenthako kuti amisiri adziwe ngati yalimba. Ikatero imazizira, mzere wake n'kugona. Nyumba yonse inazizira kalekale. Koma chipilala chimodzi chinkafunda tsiku lililonse masana, nthawi ya chakudya ikakwana, n'kuziziranso anthu akabwerera pantchito. Anati dzuwa silifika pamenepo, palibe paipi ya madzi otentha, palibenso waya wa magetsi. Anaseka kuti chipilalacho chili ndi malungo a masana okhaokha.

Ndinafunsa kuti chili potani. Anandilozera pa chithunzi cha nyumbayo. Chinali pa masitepe a kuseri, pamene amakhota koyamba, masitepe amene anthu sawayenda chifukwa aliyense amakwera chikepe.

Achemwali, chidebe chinatsala pang'ono kundipulumuka. Pamenepo ndi pamene alamu anu ankadyera. Nyumbayo ikadali mafupa okhaokha, ndinkawapititsira chakudya, Kamphepo ali kumsana, ndipo sindinkachita kufunsa komwe ali. Ndinkawapeza atakhala pa sitepe, msana atatsamiritsa pa chipilala chomwecho, miyendo ali tambalale, chipewa chili pabondo. Mayi Magalasi sindinawauze kanthu. Ndinamaliza kukolopa n'kutuluka.

Masana ine ndimakhala kumwamba, kuyeretsa maofesi mabwana akapita kokadya, ndipo ndikanachoka, pansi paja pakanandinenera kwa kapitawo. Koma ndisabisale kuseri kwa ntchito. Ndinkaopa. Nditamaliza kumwambako tsiku limenelo, nthawi ya chakudya itadutsa, ndinatsika nawo masitepewo. Kunali zii, kukununkhabe simenti. Nyali inayaka yokha nditafika pokhota paja. Ndinaika dzanja pa chipilalacho molingana ndi phewa langa, panali pozizira ngati mwala wa mumtsinje. Ndinatsitsa dzanja mpaka pamene pangafike msana wa munthu wokhala pansi. Panali pofunda, monga pampando pamene munthu wangochokapo.

Ndikudziwa zimene mukunena pamene mwafika apa. Mukuti mng'ono wanga wazungulira mutu, akufunika mapemphero. Ndinalipo pamene tinkaika alamu anu m'manda, dothi ndinaliona ndi maso angawa, ndipo sindine mwana. Koma dzanja langa linamva chimene linamva, ndipo ndinakhala pa sitepe ija n'kulira kulira kumene sindinalire pamaliro.

Kuyambira pamenepo chinasanduka chizolowezi. M'mawa ndinkasuzumira mzere uja pa kompyuta ngati munthu wofunsa za wodwala kuchipatala. Madzulo asanafike ndinkatsikira pa masitepe kukaika dzanja. Ndinkachiuza nkhani chipilalacho. Mukandiuza pafoni kuti Kamphepo waluma mnzake, kapena kuti wakana kumeta, mawa lake ndinkakazitula pamenepo. Nkhani za mwana ndinkazitenga kwa inu n'kukazipereka kukhoma, mwanayo osamuona. Lamulungu mzerewo unkagona tsiku lonse, ine n'kumati inde, ngakhale kale tsiku limeneli alamu anu sankagwira ntchito.

Chimene chinandigwira mwendo n'chimenecho. Nthawi iliyonse ndikaganiza zokwera basi, ndinkaona munthu akufika pa sitepe paja masana, n'kudikira, n'kunyamuka popanda womufunsa kuti waswera bwanji. Ndinkaona ngati ndikachoka ndiye kuti ndamusiya adye yekha m'nyumba ya eni ake mpaka kalekale. Ndinkadziuza kuti mwana ali m'manja abwino, paja mwana wa mnzako ngwako yemwe, nanga wa mng'ono wako? Ndinautafuna mwambi umenewu mpaka unatha kukoma.

Mwezi wathawu eni nyumbayo anatopa nazo. Kompyuta ikaona chachilendo imatumiza chenjezo ku mafoni a mabwana, ndiye masana alionse mafoni ankalira iwo ali pakati pa chakudya. Analamula Mayi Magalasi kuti apeze chifukwa chake, apo ayi angoitseka pakamwa nkhupakupayo. Mayiyo anatenga kachipangizo koyendetsa pakhoma kofufuzira za m'kati, n'kupita nako pamasitepe. Mawa lake anandiuza mosangalala kuti apeza poyambira. Nkhupakupa imayenera kumangiriridwa pakatikati pa chipilala, pamtima penipeni. Iyi wina anaimangirira pa chitsulo cha kunja, moti yangokutidwa ndi kakonkire kochepa. Chipilalacho chilibe vuto, nkhupakupa zinzake zoyandikana nayo zikuchitira umboni kuti n'cholimba. Kungoti iyoyo imamva za kunja kwa khoma. Anati masana a tsiku lomwelo atsikirako akaone chimene chimafundacho.

Pamenepo ndinalephera kudzigwira. Ndinawauza zonse, chokolopera chili m'manja, madzi akudontha pa nsapato zanga. Ndinkayembekeza kuti aseka. Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali, ngakhale anali oyera kale. Kenako anati akapempha kapitawo kuti andibwereke masanawo, ndipo ndipite ndine, iwo adikira m'chipinda mwawo.

Sindinayendepo ulendo wautali ngati wotsika masitepe amenewo. Ndinavula nsapato n'kuzigwira m'manja, sindikudziwa chifukwa chake. Nyali ya pokhota paja inali itayaka kale. Nditasuzumira pa chitsulo chogwirira ndinaona jombo ziwiri zili tambalale, zotuwa ndi fumbi, za mtundu womwe uja uli kuseri kwa chitseko changa. Kenako ndinamva munthu akuuzira tiyi wotentha, n'kukhosomola chifuwa cha fodya. Alamu anu sankasuta.

Anali a Chisoti. Atsamira chipilala, chipewa chili kumutu, buledi ali m'manja. Pambali pawo pa sitepe anaikapo chivindikiro cha fulasiki chodzaza ndi tiyi, chopanda womwa.

Anadzidzimuka kuposa ine. Anayesa kuimirira, bondo linakana, anangoti mlamu, mwandipeza. Anati chibwerereni ku maliro chakudya sichiwalowa akakhala pagulu. Kale ankadyera limodzi pamenepo, iwo pa sitepe ya m'munsi, mnzawo pa chipilala. Masiku oyamba ankakhala pamalo pawo pakale, koma kuyang'ana chipilala chopanda munthu kunkawatsamwitsa, ndiye anasamukira pamalo pa mnzawoyo kuti asamapaone. Tiyi wa m'chivindikiro amathira mwa chizolowezi, akamachoka n'kumwa okha atazizira. Lamulungu sagwira ntchito.

Za mizere ndi makompyuta sankadziwa chilichonse. Nditawauza kuti msana wawo wakhala ukuliza mafoni a mabwana masana alionse, anagwira pakamwa. Anati moyo wawo wonse palibe bwana anawadziwapo nkhope, lero msana ndi umene watchuka. Tinaseka, achemwali, ine misozi ili mbwembwembwe, osadziwa ngati ndikuseka kapena ndikulira.

Ndikanalekera pomwepo bwenzi zili bwino. Koma ndinafunsa chifukwa chake nkhupakupayo ili kunja, pakuti alamu anu sanali munthu wa ntchito ya mgonagona. A Chisoti anavula chipewa chija, chimene sanavule msanga ngakhale pamaso pa abusa.

Anati tsiku loluka chipilalacho, alamu anu anayesa kulowetsa mkono pakati pa zitsulo kuti afike pakatikati, koma china chake chinawagwira pachifuwa, mkono wamanzere n'kuchita dzanzi. Anayesanso, thukuta lili kamukamu, osatheka. Galimoto ya konkire inali itafika kale, kapitawo akukuwa kuti afulumire. Ndiye anangoimangirira pa chitsulo chimene dzanja linafika, n'kupempha a Chisoti kuti asauze munthu, makamaka ine. Anati n'kachimfine ka m'chifuwa, katha kokha, ndipo akadziwika awachotsa pantchito nyumba isanathe. Kuyambira tsikulo, pakakhala pofunika kupisa mkono patali ankapisa ndi a Chisoti. Ndipo chipilalacho anachisankha dala kukhala chodyerapo. Ankati ndi dokotala wawo wosabaya jakisoni, azimutsamira kuti aziwamva.

Chipilala chimenecho n'cha pansi, achemwali. Anachithira nyumba isanayambe n'komwe kukwera. Ndiye werengani nokha miyezi imene inadutsa mpaka tsiku lija anagwa pakhomo akuvula jombo. Miyezi yonseyo ankabwera kunyumba n'kunyamula Kamphepo ndi dzanja lamanja lokha. Akakana kundithandiza kunyamula chidebe cha madzi, ndinkawaseka kuti ulesi wayamba msanga. Iwo ankangomwetulira. Munthu anatha mphamvu zake kumanga nyumba yodziwa kunena ikadwala, iye mwini n'kumabisa matenda kwa mkazi wogona naye chipinda chimodzi.

Ndinawakalipira a Chisoti mawu amene sindingalembe papepala. Ndinawauza kuti akanatsegula pakamwa bwenzi tinapita kuchipatala nthawi ikadalipo. Sanadziteteze. Anangoti zimenezo amadziuza okha masana alionse pamalo pomwepo, ndipo zawapepukira kuzimva kuchokera pakamwa pa munthu wina. Mkwiyo unandithera m'manja. Amene ndinkafuna kumukalipira kwenikweni sanalipo, ndipo mpaka lero ndikadamukwiyira, ndikumusowanso nthawi yomweyo. Ndinakhala pa sitepe ya m'munsi, ndinatenga chivindikiro chija n'kumwa tiyiyo.

Pobwerera kunyumba tsiku limenelo ndinayenda wapansi njira yonse. Ndinkaganiza za kufunda kuja. Kunali kwa munthu wamoyo, nkhalamba yosowa mnzake. Ine ndakhala ndikutola zotsala za msana wa a Chisoti pa simenti, pamene mwana wanga akugona atatsamira msana wanu. Sabata yomweyo ndi imene munaimba foni ija.

Mwina mukuti nkhani yathera pamenepa, mng'ono wanga wachira. Dikirani, pali china chimene sindinauze munthu wina aliyense kupatula inu.

Patangopita masiku ochepa, a Chisoti anapempha tchuthi kukaona mwana wawo wamkazi amene wachira kuchipatala, wawapatsa mdzukulu. Ndinawaona ndi maso anga akunyamuka ndi chikwama m'mamawa. Mawa lake ndikukolopa m'chipinda cha makompyuta ndinadziuza kuti sindiyang'ana. Ndinayang'ana. Mzere wa dzulo lake unali utakwera masana monga mwa nthawi zonse. Linunda lake linali lochepa kuposa kale, koma linalipo, ndipo linatsika nthawi yobwerera pantchito.

Mayi Magalasi anaona kuti ndaona. Anandiuza mofatsa kuti tizipangizoti tili ndi kaubongo kake, timaphunzira chizolowezi cha malo amene tili, ndipo nthawi zina uthenga ukasokonekera timadzaza mpatawo ndi zimene tinazolowera. Anatinso mwina pali wantchito wina amene wapeza malo abata odyerapo. Anati akhoza kufufuza n'kundipatsa yankho lenileni tsiku lisanathe. Ndinawapempha kuti asafufuze.

Masanawo atadutsa ndinapita mpaka pamwamba pa masitepe aja n'kuima. Nyali ya pokhota inali yoyaka, ine ndisanatsike ngakhale sitepe imodzi. Mwina wina anali atangodutsa kumene. Ndinaima pamenepo mpaka inazima yokha, kenako ndinabwerera kukatenga chidebe changa. Sindinakaike dzanja. Ndinadziwa kuti ndikapeza pofunda, basi, Kamphepo adzakula mpaka kukwatiwa ine ndikadali pa masitepe.

Mabwana analamulabe kuti nkhupakupayo itsekedwe, ndipo tsiku loitseka Mayi Magalasi anandiitana. Anandilozera batani n'kufunsa ngati ndingakonde kudina ndine. Ndinapukuta chala pa yunifolomu, ndinadina, mzere uja unachoka pakati pa inzake. Sipanamveke kanthu. Ndinafunsa ngati ndiye kuti yafa. Anati ayi, ili momwemo ndipo izimvabe, chifukwa anazipanga kuti zikhale zaka zambiri kuposa zimene ife tatsala nazo. Kungoti tsopano palibe amene aziimvetsera. Mawu amenewo amandibwerera ndikamasesa mozungulira jombo zija, ndipo sindikudziwa ngati adzandisiya.

Ndauza kapitawo kuti mwezi uno ukatha ndasiya ntchito. Anati ndiganize bwino, ntchito ya m'nyumba ngati iyi siipezeka pamsewu. Ndinati ndaganiza mokwanira, mwinanso mopitirira. Mnzanga wa zidebe uja akuti ndamusiya yekha ndi apongozi. Jombo ndidzawapatsa a Chisoti pochoka, anaziyesa kale, zawakwana ngati zawo. Anafunsa ngati ndingakhumudwe akamapitabe kukadyera pa chipilala paja, ndinati apite, mafoni a mabwana sadzaliranso. Ine ndangosunga kachitsulo ka alamu anu kopotera waya, chogwirira chake chinatha mbali imodzi ndi dzanja lamanja. Ndidzamupatsa mwana akadzafika pofunsa kuti bambo ake anali munthu wotani.

Ngati amene amafunditsa chipilalacho ndi nzeru za makina, zikhale choncho. Ngati ndi alamu anu, njira ya kwathu akuidziwa, tinawagoneka komweko ndife. Akandifuna akandipeze kumene kuli mwana wawo.

Tsopano pempho langa, ndipo ndi limodzi lokha. Ndikafika, musamukakamize Kamphepo kunditchula amayi. Musamukalipire, musamutsine, musamukankhire kwa ine pamaso pa anthu kuti apereke moni wabwino. Muwauzenso amayi zimenezi, chifukwa ndikuwadziwa, adzayamba kumunyoza kuti ndi mwana wosadziwa mwambo. Mwanayo sanalakwe, ananena zimene waona. Mumusiye azigona komwe amagona. Ine mundiyalire pansi pafupi ndi khomo la chipinda chomwecho, ndizimusambitsa akalola, ndizimuperekeza kusukulu ya mkaka ndili pambuyo pang'ono. Ndaphunzira kudikira pa khoma losalankhula, sindingalephere kudikira mwana. Dzinalo adzandipatse yekha tsiku limene adzaone kuti landiyenera.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mafuta opaka miyendo aja ndibwera nawo. Za chipilala musawauze, angasiye kugona. Moni kwa alamu anga, ndikuwathokoza chifukwa cholera mwana wa eni ake popanda kuwerengera. Moni kwa achimwene ndi akazi awo, kwa azakhali, ndi kwa apongozi anga ngati mungakumane nawo, muwauze kuti ndidzafika kudzawaona ndisanamasule n'komwe katundu yense. Ana onse muwapsompsone. Kamphepo mungomuuza kuti kukubwera mlendo, ndipo sabwereranso msanga.

Tsalani bwino mpaka tidzaonane maso ndi maso.

Ndine mng'ono wanu,
Anti a pafoni